Amene matope sanatibwezere



Chaka chilichonse sukulu ikatsegulidwa, ife aphunzitsi timagawa fomu ya thandizo la fizi kwa ana amene kwawo zinthu sizikuyenda. Ndi pepala limodzi lokha. Pamwamba pali dzina la mwana ndi kalasi yake, m'munsimo muli mzere wa mayi ndi mzere wa bambo, ndipo pa mzere uliwonse pali timabokosi tiwiri, kena kolembedwa kuti "ali moyo", kena "anamwalira". Mwana amachonga kamodzi, kholo n'kusaina, komiti n'kukhala pansi kusankha. Ana amasiye ndiwo amayamba. Fomuyi tinailemba tokha zaka zapitazo, ndipo tinkaiona ngati yopanda chilema.

Chaka cha maphunziro chitayamba mu 2023, patapita miyezi ingapo chichitikireni namondwe wa Freddy, mnyamata wina amene anali atangolowa kumene Fomu 3 anabweretsa fomu yake ku ofesi ya aphunzitsi. Zonse anali atalemba bwinobwino, koma mzere wa bambo unali wosachonga. Tinamuitana ali pakhomo. "Taona iwe, wadumpha apa." Iye anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ustadh, ndichonge pati?" Tonse amene tinali m'chipindamo tinkadziwa kuti bambo ake anasowa usiku wa matope uja ndipo thupi lawo silinapezeke. Palibe anayankha. Mmodzi wa ife anangoti, "Siya pompo, tiona." Fomuyo inalowa m'kabati. Chaka chimenecho mnyamatayo sanalowe pa mndandanda wa ana amasiye, komanso kunyumba kunalibe bambo womulipirira fizi.

Ramadhan ya 2025 inakumana ndi mwezi wa Marichi, ndipo pa 13 zinakwana zaka ziwiri. Tapempha chilolezo kwa mnyamatayo ndi mayi ake kuti tilembe nkhaniyi popanda kutchula mayina. Avomera, akuti chifukwa alipo anzawo amene adakali pamene iwo anali. Tikuilemba chifukwa pa nkhani imeneyi ife aphunzitsi ndi akomiti tinachedwa, ndipo kuchedwa kwathuko kunapweteka anthu.

Ana a Fomu 1 a chaka chino anali ku pulayimale pa nthawiyo, choncho tikumbutsane pang'ono. Freddy anayambira kutali, panyanja kumpoto chakumadzulo kwa Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anaoloka nyanja yonse yamchere ya India, n'kuomba Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa m'dziko la Mozambique pa 24, kenako n'kubwerera kunyanja. Ambiri tinayesa kuti zatha. Kunyanjako anakatenganso mphamvu, ndipo pa 11 Marichi anatulukira pafupi ndi Quelimane n'kulunjika kuno. Bungwe loona za nyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza pambuyo pake kuti namondweyu anakhala masiku 36, kuposa wina aliyense amene analembedwapo. Kuno kwathu chimene chinapha anthu kwambiri ndi madzi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, kuposa imene madera ena amalandira chaka chathunthu.

Kuno ku Blantyre, kuyambira usiku wa Lamulungu pa 12 Marichi mpaka Lolemba, nthaka ya m'phiri la Soche inakhuta madzi n'kumasuka. Phirili linali litametedwa kale mpala ndi nkhwangwa, ndipo nyumba zinali zitakwera mpaka m'malo amene kale munali nkhalango. Popanda mizu yogwira dothi, matope anatsika pamodzi ndi miyala, ina yaikulu kuposa minibasi, n'kusesa nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ena ali m'tulo. Agogo athu amatcha zimenezi napolo. Anamuona ku Zomba mu 1946, anamuonanso ku Phalombe mu 1991. Ife a m'tauni tinkamumva ngati nthano ya kumudzi, mpaka anatipeza pakhomo.

Bambo a mnyamata uja anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina kumsika. Madzi atayamba kulowa m'nyumba, anadzutsa akazi awo ndi ana atatu n'kuwatsitsa mumdima mpaka kumsewu. Atafika pamenepo anakumbukira agogo ena aakazi a nyumba yoyandikana nayo, amene ankakhala okha ndipo ankayendera ndodo. Anatenga tochi n'kubwerera. Amuna awiri amene anabisala mvula pakhonde la golosale anawaona akukwera kanjira kaja. Pasanapite nthawi kunamveka mkokomo ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Kutacha, kanjirako kunalibe, nyumba ziwirizo kunalibe, panangotsala chigwembe cha matope ofiira. Thupi la agogo aja linapezeka tsiku lachitatu, kutali kumunsi. La atelala silinapezeke mpaka lero.

Masiku amenewo tonse tinali okumba. Asilikali, apolisi ndi agalu awo onunkhiza, a Red Cross, anyamata a kumzikiti ndi a kutchalitchi, tonse tinkafukula ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieniwa. Palibe ankafunsa mnzake kumene amapemphera. Amene tinawapeza tinawachitira zimene tinatha. Matupi ena sizikanatheka kuwasambitsa mwa masiku onse, tinkangowathira madzi pang'onopang'ono. Nsalu ya sanda inaperewera. Manda ankadzaza madzi tisanamalize kukumba. Zinali zowawa, komabe banja lililonse limene linapeza munthu wake linaona jeneza ikunyamulidwa, linamva takbira zinayi, linaponya dothi, ndipo madzulo anthu anabwera kudzakhala nalo.

Banja la atelala linayenda ulendo wina. Mnyamata uja ankapita ndi amalume ake ku nyumba yachisoni ya pachipatala cha Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja, kukavundukula nkhope imodziimodzi. Atalephera kumeneko anatsata mitsinje yotsikira ku Shire, akufunsa m'midzi mpaka ku Chikwawa ngati madzi analavulako munthu wa malaya akutiakuti. Boma linalengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula masiku 14 okhuza maliro. Ziwerengero zitakhazikika, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inati anthu 679 afa, oposa 650,000 asowa pokhala, ndipo 537 sakudziwika kumene ali. Nambala yoyambayo ili ndi manda ake. Yomalizayo ndi ya mabanja ngati la atelala, ku Soche kuno, ku Ntauchira m'boma la Chiradzulu, m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi ku Phalombe.

Poyamba thandizo linabwera lochuluka. Makalasi a sukulu zambiri anasanduka misasa. Ramadhan inalowa patangopita masiku ngati khumi, mitima ili yofewa, ndipo ufa, mabulangete, ndowa ndi futari zinkafika tsiku ndi tsiku. Tinkaopa kolera, imene inali itapha kale anthu oposa 1,500 m'dziko muno namondweyo asanafike, choncho nzeru zathu zonse zinali pa madzi akumwa ndi zimbudzi. Itapita Eid, misasa inayamba kutsekedwa kuti ana abwerere m'makalasi, atolankhani anapita ku nkhani zina, ndipo aliyense wa ife anabwerera ku mavuto a pakhomo pake. Apa m'pamene banja la atelala linayamba kumva kulemera kwa mzere wosachonga uja.

Taganizani zimene timachita bambo akamwalira pakati pathu. Uthenga umalengezedwa pa mzikiti. Amayi amasonkhana kuphika, amuna amapita kumanda. Mbale ya chipepeso imayenda. Mkazi amalowa eda, ndipo aliyense amadziwa tsiku limene adzatuluke. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri amakhala pansi kubweza ngongole za malemu ndi kugawa zotsala. Ana amalembedwa m'buku la amasiye, ndipo pa nthawi ya Zakaat ndi ya nyama ya Qurbani amakumbukiridwa. Zonsezi zimayamba chifukwa pali thupi, anthu aliona, aliika m'manda. Thupi likapanda kupezeka, palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimayamba pachokha.

Mayi aja sanalandire chipepeso, pakuti ndani angapepese maliro amene sanalengezedwe? Sanalowe eda, ndipo analibe tsiku loyambira kuwerenga. Ndalama zimene amuna awo ankasunga mu foni zinatsekeka momwemo. Kulikonse kumene ankapita ankawafunsa chikalata cha imfa, ndipo kumene amalemba chikalatacho ankawafunsa umboni wa imfa. Makina osokera anapulumuka chifukwa ankagona m'sitolo kumsika, ndipo mayi ankafuna kuwabwereketsa kwa telala wina kuti azipezako ya lendi. Alamu awo anati katundu wa munthu wamoyo sagwidwa, n'kuwatenga kuti akawasunge kwawo. Mwezi wotsatira tinamva kuti makinawo akusoka mayunifomu kwinakwake, koma kwa ana sikunkafika ngakhale ya sopo.

Panabweranso mphekesera. Wina anati wawaona bambowo pa depoti ya mabasi ku Lilongwe. Wina anati anathawira ku Joni, ngoziyi angopezerapo mpata wozemba ngongole. Mayi anagulitsa mabulangete awiri a ku msasa kuti apeze ndalama yoyendera, n'kupita ku Lilongwe, n'kubwerako chimanjamanja. Ena ankanong'ona kuti amene anakokoloka m'phiri muja analandira chilango cha machimo awo, ndipo mawu amenewa anafika m'makutu a ana. Kamtsikana ka m'banjamo, ka Sitandade 2, kankakana kugona chitseko chili chokhoma, kakuti bambo akabwera usiku angasowe polowera.

Nanga ife tinali kuti? Tinalipo, ndipo tinkaona. Tikakumana ndi mayiwo panjira tinkati, "Pirirani mayi, Allah ndi amene akudziwa." Mawuwa ndi oona, koma ife tinkawanena kuti tipeze pothawira. Tinkaopa kuti tikatchula imfa tikhala ngati tikulosera zoipa, kapena tikupha chiyembekezo cha ana. Tinkadziuza kuti banja likakonzeka libwera lokha. Kunena chilungamo, tinkaopa kulakwitsa pa nkhani imene sitinaiphunzire bwino. Ife amene timaphunzitsa mutu wa maliro chaka ndi chaka timaulongosola m'magawo anayi, kusambitsa, kuveka sanda, kuswalira ndi kuika m'manda. Ana amaloweza, amakhoza mayeso. Mutu wa munthu wosowa, amene mabuku a fiqh amamutcha mafqud, umakhala kutali mkati mwa buku, ndipo ku madrasa kwathu tinkaudumpha poganiza kuti ndi nkhani ya anthu a ngamila otayika m'chipululu.

Chitatha chaka, Lachisanu lina titatuluka ku Swala ya Jumu'a, mayiwo anapempha kuonana ndi komiti. Anakhala pamphasa pakhomo la ofesi, mchemwali wawo ali pambali. Anati, "A Shehe, ndi inu akuluakulu nonse, ndabwera kuti mundiuze kuti ine ndine ndani. Ndikapita kwa amayi anzanga a pabanja amandiyang'ana ngati namfedwa. Ndikapita kumene akulemba amasiye amati dikirani kaye, mwina abwera. Ana akandifunsa ndimasowa chonena. Nditati ndinene ndekha kuti bambo awo anafa, mawa achibale adzati ndinkafuna kukwatiwa. Chonde, nenani ndinu." Komiti yonse inangoti zii. A tcheyamani ndi amene anayankha, atawerama, kuti, "Mayi, takulakwirani. Tipatseni masiku, tibwera ndife kwanu."

Sabata imeneyo tinatsegula masamba amene tinkadumpha aja, ndipo tinapeza kuti akuluakulu akale anaiganizira nkhaniyi mozama kuposa ife. Pa nthawi ya Khalifa Umar bin Khattab, Allah asangalale naye, mkazi amene mwamuna wake anasowa anauzidwa kudikira zaka zinayi, kenako kukhala eda ya miyezi inayi ndi masiku khumi, yomwe ija Qur'an inaika mu Surat Al-Baqara kwa mkazi woferedwa. Maulama a pambuyo pake anasiyana maganizo pa kutalika kwa nthawiyi. Ena anatsatira zaka zinayizo, ena anaitalikitsa. Ena anasiyanitsa munthu amene wasowa pa ulendo wa malonda ndi amene wasowa pamalo pamene pafera anthu ambiri, monga pa mliri kapena pa nkhondo. Ambiri a masiku ano amati woweruza ayeze nkhani iliyonse payokha, atafufuza mokwanira. Kalata ya sukulu si malo operekera fatwa, ndipo ife aphunzitsi si oyenera kuipereka. Koma mfundo ziwiri zinatitsegula maso.

Yoyamba ndi yakuti pamene munthu akuonedwa kuti ndi wosowa, chuma chake sichigawidwa, koma mkazi wake ndi ana amadya kuchokera m'chumacho. Ndiye kuti makina aja ankayenera kudyetsa ana kuyambira tsiku loyamba, kaya bambo ali moyo kaya ayi. Yachiwiri ndi yakuti chigamulo choti wosowa aonedwe ngati wamwalira sichinaikidwe pa phewa la mkazi. Ndi ntchito ya qadhi, ndipo kumene kulibe qadhi, ena mwa maulama, makamaka otsatira Imam Malik, anati gulu la Asilamu odalirika limaima m'malo mwake. Mayi aja anali atanena zoona popanda kutsegula buku. Mtolo umene tinawasenzetsa okha chaka chathunthu unali wathu.

Mbiri ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, inatichititsanso manyazi. Najashi, mfumu ya ku Habasha, atamwalira kutsidya kwa nyanja, Mtumiki anandandalika maswahaba ake m'mizere ku Madina n'kumuswalira thupi palibe. Ja'far bin Abi Talib ataphedwa ku Mu'ta, m'dziko limene lero ndi Jordan, thupi lake silinabwere ku Madina, koma Mtumiki anapita kunyumba kwake, n'kukumbatira ana, n'kulamula kuti banjalo liphikiridwe chakudya. Ndipo kwa aja onong'ona za chilango, hadith yodziwika bwino imene ili kwa Bukhari ndi Muslim imaika womira m'madzi, wogweredwa ndi nyumba ndiponso wofa ndi matenda a m'mimba m'gulu la mashahidi. Tikanawauza ana aja zimenezi m'mwezi woyamba, tikanawazula munga umene anayenda nawo chaka chonse.

Komiti inaitana mashehe atatu, mmodzi wochokera kunja kwa dera lathu kuti pasakhale kukondera. Anamva amuna awiri a pa golosale aja, aliyense payekha. Anamva amalume amene anayenda mpaka ku Chikwawa. Anafunsa kupolisi, anafunsa achibale a kumudzi ndi a ku Joni ngati alipo amene analandirapo foni kapena uthenga. Anapita okha kukaona chigwembe chija. Zinatenga miyezi itatu. Pamapeto pake, pamaso pa mabanja onse awiri ndi amfumu, anagamula kuti malinga ndi umboniwo bamboyo aonedwe kuti anamwalira. Chigamulocho chinalembedwa, onse n'kusaina, ndipo kalata ya mashehe ndi ya amfumu ndi zimene mayi ananyamula popitanso kukafunsa za chikalata cha imfa. Banja lina likhoza kulandira yankho lina, chifukwa umboni sufanana.

Lachisanu lotsatira tinaswali Swala ya maliro popanda jeneza patsogolo. Akuluakulu ena amene amatsata maulama osavomereza Swala yoteroyo sanaime nafe mumzere, ndipo palibe anawanyoza. Madzulo iwo omwewo ndiwo anali oyamba kufika kunyumba kudzapepesa. Amayi anaphika, mbale inayenda, ndipo mayi analowa eda yawo. Za makina, akuluakulu anakhala pansi ndi alamu aja, kuwakumbutsa magawo a mkazi ndi ana pa chuma cha malemu, ndiponso kuti lamulo la dziko lino la 2011 lokhudza chuma cha masiye limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Makinawo anabwerera, ngakhale kuti ndalama zimene anapanga nthawi yonseyo sizinaoneke.

Musaganize kuti zinathera pokoma. Sukulu itatsegulidwa mu 2024, mnyamata uja, ali Fomu 4 tsopano, anachonga kabokosi kachiwiri. Pobweza fomu anati, "Ustadh, dzanja linkanjenjemera, ngati ndawapha ndine." Tinamuuza kuti sanachonge yekha, tinachonga tonse tsiku la chigamulo lija. Anangogwedeza mutu n'kutuluka. Anzake akapita kumanda kukachita ziyara, iye alibe poti aime. Amapita m'mphepete mwa chigwembe chija n'kuchita dua ali chiimire. Kuchedwa kwathu kunamudyera teremu yathunthu imene anakhala kunyumba chifukwa cha fizi, ndipo pano akuthamanga usiku ndi usana kuti mayeso a MSCE amupeze atamaliza silabasi.

Si iye yekha amene akusenza zotsala za namondwe. M'makalasi mwathu muli malo a ana amene mabanja awo anabwerera kumudzi, sukulu n'kuthera pomwepo. Atsikana ena anakwatiwa msanga chifukwa m'chipinda chimodzi cha lendi munalibe malo. Mvula ikayamba kulira pa malata masana, timaona ana ena akusiya kulemba, maso ali pawindo loyang'ana kuphiri, ndipo ena amapempha kuti apite kunyumba akaone ang'ono awo. Ifenso tikayang'ana kuphiriko tikuona malata atsopano akung'anima pafupi ndi pamene matope anadutsa. Amene amanga pamenepo si opusa, akudziwa bwino lomwe kuti madzi saiwala khwawa. Koma lendi ya kumunsi kuno yakwera, ndipo puloti ya m'phiri ndi yokhayo imene ali nayo. Tikamawadzudzula tizidzifunsanso kuti tawakonzera kuti, komanso kuti makala amene tikuphikira futari akuchokera m'phiri liti.

Tsono tili ndi zopempha. Akuluakulu a komiti, tisadikirenso kuti mayi wina adzakhale pamphasa pakhomo la ofesi. Makomo a m'dera lathu amene munthu wawo sanapezeke tikuwadziwa. Tipite ife, awiriawiri, bambo ndi mayi, tikafunse kuti nkhani yawo ili pati. Banja limene likufuna kudikirabe lisakakamizidwe, koma podikirapo ana azidya, ndipo katundu wa wosowayo alembedwe pamaso pa mboni. Chofunika changu kwambiri ndi umboni. Anthu amene anaona zimene zinachitika usiku uja akusamuka, ena akukalamba. Mmodzi wa amuna awiri a pa golosale aja anachoka m'tauni muno patangopita miyezi yochepa chiperekereni umboni wake. Tikanachedwanso pang'ono, mashehe akanatsala ndi mboni imodzi. Mawu a anthu otere alembedwe tsopano, ndi tsiku ndi siginecha, ngakhale banja lisanaganize chochita.

Makolo, ana amamva zimene timanong'ona pa chitsime ndi pa bawo. Ngati mukukhulupirira kuti mwaona munthu wosowa, kauzeni apolisi ndi akomiti kuti afufuze, osati kukadzutsa mtima wa mkazi wake ndi mawu a m'maluwa. Ngati ndinu achibale a wosowayo, chilichonse chimene mwasunga ndi amana ya ana ake. Tikumbukirenso kuti a nthambi ya zanyengo anachenjeza pa wayilesi Freddy asanafike, ndipo ambiri a ife tinamva koma tinakhala, chifukwa tinalibe pangano la kumene tingapite. Banja lililonse la m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje ligwirizane lero kumene lidzagone chenjezo likadzamvekanso, ndiponso amene adzatenge agogo a nyumba yoyandikana kusanade.

Inu ophunzira, pakati panu pali anzanu amene kholo lawo lili pa nambala ija ya 537. Mawu akuti "bambo ako anathawa" asadzamvekenso pabwalo pano, ngakhale mwa nthabwala. Mnzanu akajomba mvula itagwa usiku, mukopereni manotsi. Akafuna kukamba za kholo lake, mumvereni, musasinthe nkhani ngati mmene ife akuluakulu tinkachitira.

Ifenso aphunzitsi takonzako zathu. Kuyambira teremu ikubwerayi mutu wa munthu wosowa uziphunzitsidwa pamodzi ndi mutu wa maliro, osaudumphanso. Fomu ya fizi ija tailembanso, ndipo pa mzere wa mayi ndi wa bambo pali kabokosi kachitatu kolembedwa kuti "anasowa". Mwana wochonga pamenepo aziwerengedwa pamodzi ndi amasiye, ndipo dzina la banja lake lizifika ku komiti sabata yomweyo.

Masiku otsala a Ramadhan ino, m'madua athu tikumbukire akufa athu, amene tinawaika ndi manja athu ndi amene matope sanatibwezere. Allah awakhululukire ndi kuwachitira chisoni, atonthoze mabanja onse oferedwa, athu ndi a anansi athu amene tinakumba nawo limodzi, ndipo atikhululukire ife pa kuchedwa kwathu. Amene mukudziwa khomo limene likudikirabe, uzani imam kapena mphunzitsi aliyense Eid isanafike, kuti tikafikeko.